Maluwa a m'zigubu kuno ku Chipata: dothi, madzi ndi nyengo zake

Ambiri amene amandifunsa chifukwa chimene maluwa awo a m'zigubu akufera amayamba ndi nkhani ya feteleza. Ine ndimayamba ndapendeketsa chigubucho n'kusuzumira kunsi kwake, chifukwa yankho nthawi zambiri limakhala komweko: kabowo kamodzi kotsekeka ndi matope, mwinanso osaboola n'komwe. Mukazula duwalo mupeza mizu yada, yafewa, ikununkha kuola. Duwa lobzalidwa pansi mizu yake imathawa madzi akachuluka, imawatsatanso pansi akasowa. La m'chigubu lilibe kothawira. Dothi, madzi ndi mpweya zimene mwaliikira m'menemo ndizo lidzakhale nazo basi.

Ife a ku Kapata, Mchini kapena Navutika, kumene mabwalo ndi ochepa ndipo nyumba zambiri ndi za lendi, zigubu zimatithandiza kwambiri, chifukwa tsiku losamuka maluwa amakwera galimoto limodzi ndi mipando. Chigubu chabwino ndi chija cha malita 20 chimene mumabwera mafuta ophikira. Chiduleni pamwamba, kapena chigonekeni n'kuchidula m'litali ngati mukufuna kubzala maluwa a mizu yosalowa pansi kwambiri. Chitsukeni ndi sopo ndi madzi ofunda mpaka mafuta atheretu. Chimene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena oyilo wa galimoto chisiyeni. Tenthetsani msomali waukulu pambaula, muugwire ndi pulayala, muboole mabowo 6 kapena 8 kunsi, lililonse lokula pafupifupi sentimita imodzi. Onjezani ena awiri kapena atatu m'mbali, chala chimodzi kuchokera pansi, oti akagwire ntchito akunsi akatsekeka. Pulasitiki yopsa ili ndi utsi woipa, choncho ntchitoyi ichitikire panja.

Mukatero chikwezeni panjerwa ziwiri. Chigubu chokhala pansi penipeni mabowo ake amatsekeka, mizu imatulukira n'kumera m'nthaka, ndipo chiswe chimalowera pomwepo.

Pali chizolowezi choika miyala yambiri pansi pa chigubu, ati madzi azituluka bwino. Sichithandiza. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, amayamba aunjikana pamwamba pa miyalayo mpaka dothi litakhuta. Ndiye kuti chinyontho chija mwangochikwezera kufupi ndi mizu, komanso mwachepetsa malo a dothi. Chofunika ndi kaphale ka mphika wosweka kapena kansalu ka neti yakale ya udzudzu pabowo lililonse kuti dothi lisamatuluke. Basi.

Kukula kwa chobzalamo kuyenderane ndi duwa. Portulaca ndi marigold wamfupi amakhutira ndi kuya kwa masentimita 15. Petunia, geranium ndi vinca amafuna 20 mpaka 25. Rozi, hibiscus ndi bougainvillea asachepere malita 20, ndipo rozi amasangalala koposa mu theka la dramu. Kuika kambande kakang'ono m'chidebe chachikulu n'kulakwitsanso, popeza dothi limene mizu sinafikemo limakhala lonyowa masiku ambiri mpaka kuoletsa timizu tochepato. Miphika yadothi youmba amayi akumudzi ndimaikonda kuposa zonse chifukwa imapuma ndipo mizu sipsa, koma imauma msanga ndiye imafuna kuthirira pafupipafupi. Kuiboola kumafuna kuleza mtima: inyowetseni usiku wonse, kenaka muzipekesa ndi msomali pang'onopang'ono, osakhoma. Pulasitiki yakuda ndi matayala zimatentha koopsa mu Okutobala. Gwirani m'mbali mwake 2 koloko masana mumve. Mizu yonse yokhudza khomalo imapsa. Pakani penti yoyera kunja kapena kulungani chisaka.

Tsopano dothi, pamene pagona nkhani yonse. Katondo wathu wofiirayu m'munda ndi wabwino, chimanga ndi nshawa zimachita. Koma mukamuika yekha m'chigubu, akanyowa amamata, akauma amalimba ngati njerwa, n'kusiya mpata m'mbali momwe madzi amangodutsa osanyowetsa pakati. Chisakanizo chimene chimandigwirira ntchito pa maluwa ambiri ndi ichi: ndowa ziwiri za dothi lakuda lapamwamba, lopala pansi pa mitengo pamene masamba akhala akuwolerana, ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino. Ndimawonjezera manja awiri kapena atatu a zinyenyeswa za makala zotsalira pansi pa thumba. Mchenga ukhale wa timiyala, uja amanga nawo maziko. Mchenga wosalala wopakira pulasitala ukasakanikirana ndi katondo umangolimbitsa zinthu. Makoko a nshawa, amene kuno sasowa, amapepuza dothi, koma akhale atawolerana miyezi ingapo. Aawisi amaitana chiswe ndipo powola amalanda chakudya cha duwa, masamba n'kuyamba chikasu.

Kuti mudziwe ngati mwasakaniza bwino, nyowetsani pang'ono, fumbatani m'manja, kenaka tambasulani. Likhale chibuma choti mukachigogoda ndi chala chimwazike. Likakana kumwazika onjezani mchenga, likakana kugwirana onjezani dothi ndi manyowa. Mukadzaza chigubu siyani masentimita 3 pamwamba, thirani madzi jagi imodzi yaikulu. Pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri ayambe kudontha kunsi. Akangoima pamwamba, khuthulani muyambirenso, musanabzalemo kanthu.

Dothi la pachulu anthu amalitama, ndipo chonde lili nacho, koma ndi lomata kwambiri. Lisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu. Dothi la m'dimba momwe munali tomato, therere kapena fodya musatenge, chifukwa kawirikawiri mumakhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu timfundomfundo. Duwa logwidwa nato limafota masana ngakhale dothi lili lonyowa, ndipo m'chigubu mulibe kuchiza kwake, n'kutaya dothi lonse. Ngati mukukayikira dothi lanu, Okutobala ndi mwezi wolikonza: linyowetseni, liyaleni mopyapyala masentimita 10, lifunditseni pepala la pulasitiki loonekera mkati, tsekani m'mbali ndi dothi, lisiyeni padzuwa milungu 4 mpaka 6. Kutenthako kumapha tinyongolotsi tambiri ndi njere za udzu.

Manyowa owolerana amadziwika: ndi akuda, ofumbutuka, ozizira, onunkhira dothi. A ng'ombe ndi a mbuzi ochokera m'khola lakale ndiwo osavuta. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kwambiri, zimafunika kuunjika ndi kutembenuza miyezi itatu kapena kupitirira, ndipo ngakhale zitapsa muike theka la muyeso wa manyowa a ng'ombe. Zaziwisi zimawotcha mizu m'masiku ochepa, masamba n'kuuma kuyambira m'mphepete. M'manyowa a m'khola mumapezekanso mphutsi zoyera zonenepa zopindika, zimene zimadya mizu. Sefani, zimenezo mupatse nkhuku.

Feteleza amabwera pambuyo pa zonsezi. Dothi la m'chigubu limatha mphamvu pakapita milungu 6 kapena 8, chifukwa kuthirira kulikonse kumakokolola chakudya. D compound yemwe timathira kuchimanga, wa 10-20-10 uja, amakwanira. Kachitsekero kamodzi ka botolo la zakumwa pa chigubu cha malita 20, theka lake pa chaching'ono, kamodzi pa milungu 6. Mumwaze m'mbali mwa chigubu kutali ndi tsinde, mufotsere pang'ono, muthirire. Dothi likhale lonyowa kale musanathire, pouma feteleza amawotcha. Urea ndiye wosokoneza anthu. Ali ndi nayitrojeni yekhayekha, 46 pa 100, ndiye duwa limabiriwira mochititsa kaso, masamba akuluakulu ofewa, maluwa osaoneka, nsabwe n'kudzazana. Ine ku maluwa sindimuyandikitsa. Ngati masamba akumunsi ayamba chikasu, madzi a manyowa amakonza bwino: fosholo imodzi ya manyowa m'kathumba, kamizeni m'ndowa ya malita 20, vindikirani kuti udzudzu usaswanemo, pakatha milungu iwiri sungunulani ndi madzi mpaka aoneke otuwira pang'ono, muzithirira kamodzi pa milungu iwiri.

Kuthirira kulibe ndandanda yokhazikika, chala chanu ndicho chikuuzeni. Chilowetseni m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri. Mukamva chinyontho dikirani, mukamva kuuma thirirani mpaka madzi atuluke kunsi. Kuwaza timadzi pamwamba tsiku ndi tsiku kumachititsa mizu kukhala pamwamba pomwe pamatentha. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira, chigubu chachikulu chimatha masiku atatu kapena anayi. Mu Okutobala mvula isanagwe chimafuna tsiku lililonse m'mamawa, ndipo timiphika tating'ono kawiri. Chovuta n'chakuti duwa lomira ndi duwa laludzu onse amafota mofanana, ndiye munthu akaona kufota amathamangira madzi, n'kumalizitsa lomwe linali kumira kale. Nyamulani chigubu mumve kulemera kwake musanathire.

Dothi likaumitsitsa limakana madzi. Muona akungothamangira m'mbali n'kutuluka kunsi nthawi yomweyo. Pamenepo imikani chigubu chonse m'beseni la madzi theka la ola, chimwe kuchokera pansi mpaka thovu lisiye kutuluka.

Masiku amene pa pompi sipatuluka kanthu, madzi otsukuluzira mbale kapena ndiwo zamasamba angathe kupulumutsa maluwa, bola asakhale a mafuta kapena mchere. Ochapira zovala a sopo waufa ayi, ali ndi mchere umene umaunjikana m'chigubu n'kupha mizu pang'onopang'ono. Madzi a m'mijigo ina nawonso amasiya zoyera pamwamba pa dothi ndi m'mbali mwa mphika. Mukaona zimenezi, kapena masamba anthete a rozi ndi petunia akuchita chikasu misempha yokha ili yobiriwira, palani dothi lapamwamba, ikani latsopano la manyowa, kenaka thirani madzi ambiri, makamaka a mvula, adutse kangapo. Phulusa pamenepa lingowonjezera vuto. Timbale toika kunsi kwa miphika tizikhuthulidwa pakatha theka la ola, apo ayi mukuweta udzudzu pakhonde panu.

Dzinja lili ndi mavuto akenso. Nyumba zathu zambiri za malata zilibe ngalande, ndiye chigubu choikidwa pamzere wodonthera madzi chimakumbika mpaka mizu kuonekera. Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamagwa masiku otsatizana, geranium, petunia, adenium ndi kalanchoe alowe pakhonde pomwe kuwala kumafika koma mvula safika. Hibiscus, canna ndi coleus asiyeni panja, amaikonda.

Za dzuwa anthu ambiri saziganizira. Chipata ali kumwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, choncho nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Khonde loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa lambiri mu Juni, pamene loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse. Maluwa ochita bwino padzuwa amafuna maola 6 kapena kuposa, ndipo akaperewera amatalika, kuwonda, kupendekera kowala, osamasula. Malo abwino koposa chaka chonse ndi a kum'mawa, kumene dzuwa limafika mpaka cha m'ma 12 koloko. Khoma la kumadzulo mu Seputembala ndi Okutobala limasunga moto, ndipo pamenepo amapirira ndi bougainvillea, portulaca, vinca, adenium ndi kamtengo kaminga kaja ka crown of thorns. Impatiens ndi begonia ndi a mumthunzi wowala, pansi pa mango kapena mkati mwa khonde.

Nyengo yokongola kwambiri ya maluwa a m'zigubu kuno si dzinja, ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kuti mupindule nayo fesani mu Malichi kapena Epulo. Marigold amamera m'masiku 5 mpaka 7, n'kumasula pakatha milungu 7 kapena 8, ndipo njere zake mungasunge ku maluwa ouma. Zinnia sakonda kuwokeredwa, mufeseni m'chigubu momwe akulire, njere zitatu, muzulepo mutsale ndi imodzi kapena ziwiri. Petunia ndiye amafuna luso. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri ndipo zimafuna kuwala kuti zimere, choncho musazikwirire. Zisakanizeni ndi kamchenga kouma, mwazani pamwamba pa dothi losefa lonyowa, tsinderani ndi chikhatho, vindikirani ndi pulasitiki yoonekera, ikani pamthunzi wowala. Kuthirira kwake ndi kochokera pansi, kuika kabeseniko m'madzi, chifukwa jagi imakokolola zonse. Zimamera pakatha sabata imodzi kapena masiku 10, ndipo zikangomera chotsani pulasitiki. Mbande zikathithikana m'chinyontho zimawola patsinde pomwe pakhudza dothi n'kugwa zonse usiku umodzi. Wokerani zikakhala ndi masamba anayi, madzulo, zitatu pa chigubu chogoneka. Maluwa amabwera pakatha milungu 10 mpaka 12. Ngati papaketi palembedwa F1, njere zimene mudzatole kwa iwo sizidzabereka ofanana ndi makolo ake.

Mbande ikafika masentimita 10, itsineni nsonga. Zimawawa mtima kudula kanthu kamene kakukula bwino, koma pamalo pa nthambi imodzi pamatuluka zitatu kapena zinayi. Maluwa ofota muziwachotsa pamodzi ndi kamutu kake ka njere, chifukwa chomera chikayamba kukhwimitsa njere chimaleka kumasula. Petunia akatalika n'kuyamba kuoneka tinthambi tokhatokha, mumudule theka, mumupatse madzi a manyowa, pakatha milungu itatu abwereranso.

Maluwa ambiri a m'makomboni mwathu sanagulidwe, anachoka kwa aneba ngati kanthambi. Pemphani, musathyole mobisa, eni ake ambiri amapereka mosangalala. Geranium dulani nsonga ya masentimita 10 pansi pa mfundo, chotsani masamba akumunsi, muisiye pamthunzi tsiku limodzi kuti bala liume, muzike mumchenga wonyowa pang'ono. Imagwira m'milungu itatu kapena inayi. Mukaizika yaiwisi m'dothi la manyowa imada kuchokera pansi. Portulaca ndi coleus savuta, mungotsina n'kuzika. Bougainvillea ndi hibiscus amafuna nthambi yokhwima, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, yozikidwa theka mumchenga, yovindikiridwa ndi botolo la pulasitiki lodula kunsi, pamthunzi. Bougainvillea amatenga milungu 6 mpaka 10 ndipo sizigwira zonse, choncho zikani zambiri. Masamba akaphuka musafulumire kuzula, nthawi zina amaphuka mizu isanabwere.

Bougainvillea ali ndi khalidwe lake. Amamasula akamavutika pang'ono: chigubu chomuthina, dzuwa lathunthu, madzi ochepa. Amene amamuthirira tsiku lililonse ndi kumudyetsa urea amakolola minga ndi masamba. Musiyeni mpaka nsonga ziyambe kuwerama, ndiye mumumwetse mokwanira. Mizu yake ndi yosachedwa kuthothoka, ndiye pomusamutsa ndi bwino kung'amba chigubu chakalecho kusiyana ndi kumukoka. Adenium, wa tsinde lotupa uja, amafuna theka la chisakanizo chake likhale mchenga, tsinde lotupalo likhale pamwamba pa dothi, ndipo akayoyola masamba nyengo yozizira madzi achepe kwambiri. Utomoni wa adenium ndi wa oleander ndi poizoni, wa crown of thorns umawotcha khungu ndi maso. Pakhomo pa ana okwawa amenewa akhale pamwamba kapena asakhalepo, ndipo mukawadulira sambani m'manja.

Tizilombo timabwera ndi nyengo. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika patsinde, yang'anani kunsi kwa masamba ndi kunsonga, mupeza nsabwe kapena tizilombo toyera tokhala ngati thonje. Nyererezo zimadya madzi otsekemera amene tizilomboto timatulutsa, ndipo zimatiteteza. Kasupuni kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, kupopera madzulo kunsi kwa masamba, kubwereza pakatha masiku 5 mpaka katatu, kumathetsa. Yesani kaye pa masamba ochepa, chifukwa sopo wina amawotcha, makamaka padzuwa. Masamba a nimu osinja, manja awiri mu malita 5, oviikidwa usiku wonse n'kusefa, amathandizanso. Kukatentha n'kuuma kumabwera akangaude ofiira aja amavutitsa tomato: masamba amachita timadontho totuwa, kunsi kuli taulusi. Amadana ndi chinyontho, choncho tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu masiku angapo otsatizana, masamba ogwidwa kwambiri muwotche. Rozi m'dzinja amachita mawanga akuda, masamba n'kuyoyoka. Tolani onse ogwa, thirirani pansi osati pamasamba, talikitsani zigubu kuti mphepo izidutsa. Ufa woyera wa pamasamba a zinnia umabweranso chifukwa cha kuthithikana komweko.

Nkhuku zimafukula dothi lofewa lija tsiku lomwelo mwabzala. Yalani timiyala tophwatalala kapena kawaya pamwamba. Za mbuzi palibe mankhwala, ndi mpanda basi.

Pakatha chaka kapena ziwiri, duwa lokhalitsa limadzaza chigubu ndi mizu. Zizindikiro zake ndi kuuma msanga kuposa kale, mizu kutulukira m'mabowo, ndi maluwa kuchepa ngakhale mukudyetsa. Thirirani dzulo lake, gonekani chigubu, gogodani m'mbali, solotsani. Mizu yozungulirazungulira imasuleni ndi zala, yakuda ndi yofewa muidule ndi mpeni woyera. Chigubu chatsopano chikule pang'ono chabe, zala ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, ndipo tsinde likhale pamlingo womwe linali. Ngati mulibe chachikulu, dulani gawo limodzi mwa magawo anayi a mizu, duliraninso nthambi mofanana, bwezerani momwemo ndi dothi latsopano. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Ogasiti kusanatenthe, kapena mvula yoyamba ikagwa mu Novembala. Likhale pamthunzi sabata imodzi, ndipo feteleza adikire mwezi wathunthu kuti mabala a mizu ayambe apola. Theka la dramu losanyamulika lingopalidwa masentimita 5 apamwamba chaka chilichonse n'kuikamo manyowa atsopano.